Rikisho ya a Barkat Yagona ku Polisi

1. Bulangete m'nyengo yotentha

Kwathu ku Kot Mehran mwezi wa Meyi umatentha moti ngakhale agalu amachita ulesi kuuwa. Choncho ukaona mwana atakulungidwa m'bulangete mwezi umenewo, usadzinamize kuti akumuteteza ku mphepo.

Zunaira anaziona zimenezi ndi maso ake m'mawa wina asanapite kusukulu. Anali mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu, mwana woyamba wa a Barkat, oyendetsa rikisho, kagalimoto ka matayala atatu konyamula anthu m'tauni. Rikisho imeneyo ndiyo inkabweretsa ufa wa chapati pakhomo, inkaphunzitsa ana, ndiponso inkagula mankhwala a shuga a mayi ake, a Kausar. A Barkat ankaipukuta kawirikawiri kuposa mmene ankapesera tsitsi lawo. Anaipaka utoto wobiriwira, ndipo kumbuyo kwake analembetsa mawu akuti: "Osandiyandikira, ndine wapabanja."

Kuseri kwa khoma la nyumba yawo kunkakhala a Manzoor, mkulu wawo wa a Barkat, amene anali ndi sitolo ya feteleza. Zunaira ankawatcha Taya, monga timatchulira bambo aakulu, ndipo akazi awo ankawatcha Tayi. Pakhomo pa a Taya pankakhala mwana wa zaka zisanu ndi zitatu, dzina lake Guddi, amene anakamutenga kumudzi kuti azisesa, kuchapa ndi kutsuka mbale. Kusukulu sankapita.

M'mawa umenewo a Taya anakuwa ali kuseri kwa khoma.

"Barkat! Kiyi wa rikisho!"

A Barkat sanafunse kuti ulendo ndi wa kuti. Kwathu mng'ono safunsa mkulu wake mafunso, ngakhale onse awiri atamera imvi. Anangopisa m'thumba n'kupereka kiyi kwa Zunaira.

"Thamanga, puttar, mwana wanga, kawapatse a Taya ako."

Rikisho inkagona m'kanjira ka kutsogolo kwa nyumba ziwirizo. Zunaira atatuluka anapeza a Tayi akulowetsa m'rikishomo kanthu kokulungidwa m'bulangete. Bulangete linafunyuluka pang'ono, kamkono n'kugwera kunja. Pamkonopo panali mizere yofiira, yotupa, yoyenda iwiriiwiri. Mtsikana aliyense wa kwathu angaizindikire mizere yotere, chifukwa ndi mmene chilili chitsulo chopanira chapati pamoto.

Guddi anatsegula maso pang'ono. "Baji," anatero chapansipansi, ndiko kuti achemwali, monga ankamuitanira Zunaira masiku onse.

A Tayi sanamuone Zunaira. Ankalankhula ndi amuna awo mothamanga. "Mukamusiye kwa achimwene anga, ku ng'anjo ya njerwa, tsidya la ngalande. Kuchipatala ayi, madokotala amafunsa zambiri. Akhale komweko mpaka zipole."

A Taya anatembenuka n'kumuona mtsikanayo ataima, kiyi ali m'manja. Anamutsomphola kiyi uja.

"Ali ndi malungo. Iwe ukuyang'ana chiyani? Kusukulu!"

Koma kukuwa kwa Guddi dzulo lake madzulo kunali kutamveka mpaka kwa aneba, ndipo wina mwa iwo anaimbira apolisi foni. Apolisi anafika masana. A Taya, amene anali atabwerako, anawauza kuti Guddi anabwerera kwawo kalekale, ndipo zimene anthu anamva linali sewero la pa kanema. Apolisi anasecha nyumba yonse, mwana sanamupeze. Koma wogulitsa mkaka ananena kuti anaona rikisho yobiriwira ikutuluka m'mamawa itatsekedwa makatani. Choncho pamene Zunaira ankabwera kusukulu, m'kanjira munali mutangotsala dontho la oyilo. Rikisho inali itatengedwa.

2. Akuluakulu alankhula

Madzulo a Taya anabwera okha osaitanidwa. Anakhala pabedi lazingwe pakati pa bwalo, namuloza Zunaira kuti aime patsogolo pawo.

"Tamvera kuno iwe mtsikana, ndipo umvetsetse chifukwa sindibwereza. Ine ndaliona dzikoli nthawi yaitali kuposa bambo akowa. Apolisi alibe mwana, alibe mboni, alibe kanthu. Akatopa ndi kufunsa abweza rikisho ija okha, kaya mawa, kaya mkuja. Koma munthu mmodzi yekha akangotsegula pakamwa n'kunena kuti rikisho ija inanyamula mwana, basi, yathera pomwepo. Chinthu chimene chagwira ntchito pa mlandu chimakhala cha boma. Unasuzumirako kuseri kwa polisi? Unaiona mitembo ya magalimoto ili uko? Eni ake nawonso ankadziwa kulankhula ngati iwe. Bambo akowa alibe munda, alibe sitolo, sukulu sanapite nayo patali. Ali ndi matayala atatu aja basi. Ukawatayitsa amenewo, uzidya mabuku akowo. Ndipo usaiwale kuti ukukula. Ndi banja liti lingabwere kudzafunsira mtsikana amene anamangitsa abale ake? A Tayi ako anangopsa mtima pang'ono, mwanayo anaswa mbale za alendo. Ndani sanalangepo mwana? Mabala apola, mwana abwerera, ndipo nkhani itha. Wamva?"

Zunaira anayang'ana bambo ake. A Barkat anali atakhala chotsamira khoma, akuyang'ana zala zawo ngati aziona koyamba.

A Taya atapita, a Kausar anamukhazika Zunaira pakati pa miyendo yawo n'kuyamba kumupaka mafuta m'tsitsi. Iwo sanakalipe, ndipo mawu awo ndi amene anamupweteka kwambiri.

"Mwana wanga, usandione ngati ndilibe mtima. Kukuwa kuja ndinakumva inenso, ndipo chakudya chinandikanika kumeza. Koma ife ndife anthu ang'onoang'ono. Khoma ili timagawana ndi a Taya ako. Pamaliro ndi paukwati timakhala mphasa imodzi. Apolisi abwera lero, mawa apita kwina, koma ife titsala pompano ndi anthu omwewa, tizikumana nawo pachipata m'mawa ndi madzulo. Ang'ono ako akufuna kudya. Ine ndikasowa mankhwala ukudziwa mmene ndimakhalira. Sindikukuuza kuti uname ayi, sindinakulere choncho. Ndikungoti khala chete. Palibe amene wakufunsa. Mulungu amaona zonse, ndipo adzaweruza yekha."

"Ammi, nanga akamwalira?"

Chipeso chinaima m'tsitsi.

"Usamatchule zoopsa pakhomo," anatero a Kausar.

3. Kachala kamodzi

M'mawa mwake Zunaira ankathandiza mayi ake kuotcha chapati. Maganizo anali tsidya la ngalande, ndiye anaiwala kuti chopanira chinali chitatsamira pamoto. Anachigwira kumutu kwake, n'kukuwa.

A Kausar anataya mtanda wa ufa pansi. "Mayo ine, mwana wanga!" Anamugwira dzanja, kuliviika m'madzi, kuliuzira, kenako kulipaka mankhwala otsukira mano, monga amachitira amayi onse a kwathu ngakhale madokotala aletse chotani. Bala lake linali laling'ono ngati njere ya mphodza. Koma Zunaira anayamba kulira kwenikweni, mapewa akugwedezeka.

"Chikupweteka kwambiri?"

"Ayi, Ammi. Ndi kachala kamodzi kokha." Anapukuta misozi ndi mpango wake. "Nanga Guddi akumuuzira ndani?"

A Kausar analisiya dzanja lija pang'onopang'ono. Analowa m'nyumba, ndipo chapati imene inali pamoto inapserera.

Tsiku limenelo a Barkat analawirira ku polisi. Panalibe chimene akanachita kumeneko, koma kunyumba kunali kosakhalika. Ataweruka kusukulu, Zunaira anawapititsira chakudya. Anawapeza atakhala pansi pa mtengo moyang'anana ndi chipata, maso ali pa rikisho yawo. Inali itaimikidwa pakati pa njinga zamoto zadzimbiri ndi thirakitala yakale imene mtengo unamera pakati pake n'kutulukira pampando. Akhwangwala anali atayamba kale kuiipitsira denga.

Wapolisi wa pachipata, bambo wa chimimba, anali wa nthabwala zosapsa.

"Bambo a rikisho, mwabwera kudzazonda wodwala? Pitani kunyumba mukapume. Pano galimoto imalowa ndi matayala, koma imamera mizu. Funsani thirakitala iyo."

Anaseka yekha. A Barkat anatsegula chakudya chija, kuchiyang'ana, osachigwira.

Zunaira anakhala chonjuta pambali pawo.

"Abba, ndikufuna kulowa."

"Kukatani?" anafunsa a Barkat, ngakhale ankadziwa.

"Ndikudziwa kumene kuli Guddi."

"Unamva zimene ananena a Taya ako?"

"Ndinamva, Abba. Ndikudziwa kuti mwina rikisho sibweranso. Ndisiya sukulu, ndizisoka zovala za anthu. Koma mkono wake ndinauona. Ndikatseka maso ndikuuonabe."

A Barkat anayang'ananso rikisho ija nthawi yaitali. Zunaira anachita mantha kuti amukalipira, ndipo anachita mantha koposa kuti alira. Koma iwo anatseka chakudya, anaimirira, n'kusasa fumbi kumbuyo kwa malaya.

"Mwana wamkazi salowa yekha pa polisi," anatero. "Anthu anganene chiyani? Tiye."

Amene ankafufuza nkhaniyi anali mayi wapolisi woona milandu ya ana, a Farhat, munthu wamfupi wa magalasi. Atamva kuti mtsikanayo wabwera ndi mawu, anatulutsa amuna onse m'chipinda. A Barkat anawakhazika pabenchi panja, chitseko n'kuchisiya chotsegula kuti Zunaira aziwaona. Kenako anamupatsa madzi akumwa.

"Usaope. Iwe sukuzengedwa mlandu. Undiuze zimene unaona ndi maso ako ndi zimene unamva ndi makutu ako, basi. Chimene sukuchidziwa unene kuti sindikudziwa. Osawonjezera kuti undisangalatse, osachotsera kuti uteteze munthu."

Zunaira ananena zonse, kuyambira pa kukuwa kwa a Taya kofuna kiyi. A Farhat sanamudule mawu. Atamaliza anamufunsa mafunso ochepa. Mwanayo ankalankhula? Anakwera naye ndani? Ng'anjo ya ndani? Zunaira atangoyankha lomaliza, mayiyo anadzuka ngati walumidwa ndi linthumbu, akuitanitsa galimoto ndi kuuza wina kuti aimbire kuchipatala.

Zunaira anawathamangira mpaka panja. Galimoto inali italira kale.

"Madamu! Nanga rikisho yathu? Ndiye yapita?"

A Farhat anatulutsa mutu pawindo. "Uwauze bambo ako apite kukhoti akapemphe..." Mawu omaliza anamezedwa ndi phokoso la injini. Zunaira anangotola kachidutswa kake, ndipo m'makutu mwake kanamveka ngati supari.

4. Mawu amene anaphonyeka

Atafika kunyumba, a Kausar anangowayang'ana kumaso n'kudziwa zonse. Anakhala pansi n'kufunda mpango kumutu.

Dzuwa likulowa, galimoto ya apolisi inaima m'kanjira. Anawatenga a Tayi anthu akuonerera pamadenga. A Taya sanapezeke. Kenako wapolisi wa chimimba uja anasuzumira pachipata cha a Barkat, ndipo ulendo uno analibe nthabwala.

"Mwana wapezeka. Anamugoneka m'kachipinda kosungira malasha. Thupi ndi moto, koma ali moyo. Adokotala akuti tikanachedwa, mkono ukanadulidwa." Anamuyang'ana Zunaira, nagwedeza mutu, n'kumapita.

A Kausar anakweza manja kumwamba, misozi ikutsika. Anamukoka Zunaira n'kumukumbatira mwamphamvu mpaka mtsikanayo anasowa mpweya. Patapita kanthawi anamusiya, kudzipukuta kumaso, n'kukumbukira kuti mawa kuyenera kudyedwa.

"Nanga za rikisho anena chiyani?"

"Madamu anati tipite kukhoti tikapemphe supari."

"Supari!"

Supari ndi timtedza touma timene anthu kwathu amatafuna akatha kudya. Koma m'kamwa mwa zigawenga, kupereka supari ndiko kulemba munthu ganyu yoti akaphe mnzako, ndipo a Kausar ankaonera kanema mokwanira kuti adziwe zimenezi.

"Wapolisi wathunthu kutiuza zopha munthu? Tiphe ndani? A Taya ako?"

"Tsitsa mawu, mayi a Zunaira," anatero a Barkat akuyang'ana khoma.

"Ndiye kuti akufuna mtedza weniweni. Ajaji nawonso ali ndi mano."

"Ammi, anati tikapemphe, osati tikapereke."

"Unaona kuti munthu wopempha atapita chimanjamanja?"

A Kausar anapita okha kukagolosale n'kugula paketi ya supari yabwino koposa, yokutidwa m'pepala lonyezimira.

Kutacha a Barkat ndi Zunaira anapita kukhoti wapansi. A Barkat anali atatsitsa anthu osawerengeka pachipata chimenecho, koma kulowa anali asanalowepo. M'kati, maloya anali atandanda ndi matebulo awo pansi pa mitengo ndi timisasa tamalata, aliyense atavala jekete lakuda m'dzuwa lija ngati akulangidwa. A Barkat anafunafuna mpaka anapeza nkhope yodziwika, a Sarwar Gill, loya wokalamba amene ankakonda kukwera rikisho yawo.

"Barkat! Lero wabwera wapansi? Mkazi wako wachiwiri uja wakuthawa?"

A Barkat anafotokoza nkhani yonse. Pomaliza anayang'ana uku ndi uku, kuika paketi ija patebulo, n'kunong'oneza kuti, "Akuti nkhaniyi ikufunika supari."

A Gill anayang'ana paketi, kuyang'ana a Barkat, kuyang'ana Zunaira. Kenako anaseka chikhakhali mpaka kutsokomola, maloya a matebulo oyandikana n'kutembenuka.

"Supurdari! Osati supari! Mayo, mundipha ndinu anthu inu, popanda ngakhale kulemba ganyu!"

Zunaira anafuna kulowa pansi ndi manyazi. Koma a Gill atapukuta misozi anamukokera mpando, nkhope yawo n'kusintha.

"Khalani pansi nonse, ndipo iwe mwana wasukulu utchere khutu, chifukwa izi aphunzitsi amakonda kuzidumpha. Dziko lino lili ndi malamulo aakulu amene ali pamwamba pa wapolisi, pamwamba pa jaji, pamwamba pa nduna. Malamulo amenewo amati munthu asalandidwe katundu wake mwachisawawa. Apolisi ali ndi mphamvu yogwira rikisho, inde. Ayenera kuiyang'ana, kuijambula, kuona ngati mwatsala magazi kapena tsitsi la mwana. Imeneyo ndi ntchito yawo, ndipo munthu wanzeru sawatsekereza, chifukwa mwana wovulazidwa alibe wina womuyankhulira. Koma kugwira si kulanda. Lolanda ndi khoti lokha, ndipo khoti sililanda lisanamumve mwini wake. Limafunsa kuti, kodi mwini wakeyu anadziwa? Kodi ndi iye anapalamula? Kodi n'chilungamo kuti ana a Barkat agone ndi njala chifukwa cha dzanja la munthu wina? Tsono podikira kuti mlandu uthe, timapempha supurdari, ndiko kuti kusungitsa. Khoti limakubwezera chinthu chako kuti uchisunge ndiwe, uzigwirira ntchito. Osachigulitsa, osachisintha utoto, ndipo tsiku limene adzachiitanitse ubwere nacho. Magalimoto mwaona akuola aja, ena ali ndi milandu yawo, koma ena eni ake anangochita mantha, osabwera kudzapempha."

"Koma a Taya anati munthu akanena zoona, rikisho imakhala ya boma," anatero Zunaira.

"A Taya ako ananena zowapulumutsa iwowo, mwana wanga. Tamvera. Ndani anapatsidwa kiyi? Iwe. Ndani anaona kuti bambo ako sanatuluke n'komwe m'nyumba, ndipo sanadziwe chimene chikunyamulidwa? Iwe. Ndani analowa pa polisi mosakakamizidwa? Inu awiri. Mawu ako omwewo ndi amene ndikaime nawo pamaso pa jaji. Mukanakhala chete, mwana uja n'kupezeka mochedwa, apolisi akanafunsa kuti rikisho ndi ya ndani, ndipo lero Barkat akanakhala m'chitokosi."

A Barkat anayang'ana mwana wawo ngati akumuona atakula usiku umodzi.

"Ndiye ibwera?" anafunsa.

"Sindikulonjeza za mawa. Jaji ayamba wafunsa apolisi ngati amaliza kuiyang'ana. Koma mizu simera, zimenezo ndisiyire ine." A Gill anatola paketi ija n'kuiponya m'thumba la jekete. "Iyi ndiye mwandisungitsa. Koma mukadzaiitanitsa sindidzabwera nayo."

A Barkat anaseka, koyamba chichokereni rikisho pakhomo. Zunaira anamva ngati wina wamutula mtolo wa njerwa pamutu.

5. Pakhomo pa wodi ya ana

Kuchokera kukhoti anakwera rikisho ya munthu wina kupita kuchipatala. A Barkat sanakhale chete njira yonse. Ankangodandaula kuti mnyamata woyendetsayo ankasintha magiya ngati akuthyola nkhuni, mabuleki ake ankalira, ndipo mpando anali asanaupukute chiyambire chaka. Zunaira anangogwiritsitsa kapoto ka phala la mpunga wa mkaka kamene a Kausar anaphika m'mamawa n'kumupatsira pachipata osanena kuti ndi ka ndani.

Guddi anali pabedi la pakona, manja onse awiri atakulungidwa mabandeji. Pambali pake panakhala a Farhat, atavala zovala wamba, moti Zunaira anayamba wawadutsa. Mayiyo anadzuka n'kuwakokera pambali.

"Wadya, wagona, kutentha kwatsika. Za a Tayi ako sananenepo kanthu, ndipo sitimukakamiza. Mwana salankhula chifukwa wapolisi ali pachangu. Inunso musamufunse. Koma wakhala akufunsa za iwe." Anatola chikwama chawo. "Ndili kwa adokotala, kumapeto kwa khonde. Ndibwera posachedwa."

A Barkat anakhala pampando wa pafupi ndi chitseko. Zunaira anakhala pabedi n'kuyamba kumudyetsa Guddi ndi supuni. Mwanayo ankadya maso ali pa iye, osaphethira.

"Baji, ndikachira ndibwerera kuja?"

"Ayi. Kuja sudzabwererako."

"Madamu akuti kuli nyumba ya ana, ndipo ili ndi sukulu." Anameza phala. "Kusukulu amaotcha?"

Zunaira anatapanso phala ndi supuni. "Ayi, saotcha. Amangokalipa. Makamaka a masamu, akakalipa malovu amafika mpaka benchi lachitatu."

Guddi anamwetulira. Zunaira anali asanamuonepo akumwetulira, ndipo sankadziwa kuti mano ake awiri akutsogolo anali akumera kumene.

Pamenepo pakhonde panamveka mapazi. Pachitseko panaima a Taya, atavala zoyera zositidwa bwino, ndevu zopesa. Anali atathamangira kukhoti n'kupatsidwa belo apolisi asanawagwire. M'manja ananyamula bokosi lalikulu la maswiti lomangidwa ndi kansalu kofiira. Kumbuyo kwawo kunali bambo wina woonda, wa mapazi ong'aluka, atavala nsapato zatsopano zimene zinkamukulira. Maso ake anali pansi.

Guddi anasiya kutafuna. "Abba," ananong'ona.

Zunaira anazindikira pomwepo. Kwathu ngakhale mwana amadziwa tanthauzo la munthu wamlandu akabwera ndi bokosi la maswiti, kholo la wolakwiridwa lili pambuyo pake. Amakhala atagwirizana kale kunja. Kholo limanena pamaso pa anthu kuti lakhululuka, maswiti amagawidwa, mwana amatengedwa, ndipo nkhani imafera pomwepo.

A Barkat anali ataimirira kale. Anaima pakati pa chitseko.

"Barkat, patuka," anatero a Taya, osawayang'ana n'komwe.

"Ayi, achimwene."

A Taya anabweza mutu kumbuyo ngati awazidwa madzi ozizira. "Wati chiyani?"

"Ndati ayi. Kiyi ndinakupatsani osafunsa. Njira iyi sindikupatsani."

Amayi odikirira odwala pamabedi ena anasiya zimene ankachita. A Taya anafiira maso. Anatembenuka n'kumukankhira kutsogolo bambo woonda uja.

"Mwana ndi wako. Lankhula! Muuze akutsegulire njira."

Bamboyo anadzutsa mutu koyamba. Anasuzumira pamwamba pa phewa la a Barkat, ndipo maso ake anagwera pa mabandeji aja, dzanja ili ndi dzanja ilo. Kenako anaweramitsanso mutu.

A Barkat anatambasula manja n'kugwira mbali zonse ziwiri za chitseko. Mapazi awo sanasunthe.

"Puttar, thamanga ukaitane Madamu. Ine pano sindichoka."

Zunaira anaika supuni pansi. "Ndikubwera pompano," anamuuza Guddi. Kenako anawerama, kudutsa kunsi kwa mkono wa bambo ake, n'kuliyatsa liwiro kulowera kumapeto kwa khonde.